Tsiku limene ndinati "Yewo"

Fungo la masamba a tiyi akamafota ku fakitale limandikumbutsabe tsiku limenelo.

Linali fungo lomweli masana amene bambo wina wovala jekete anafika kunyumba kwathu pa esiteti ku Thyolo, kumene abambo anga ankaphunzitsa. Inali nthawi imene aphunzitsi akumpoto ankawabweza kwawo.

"Aphunzitsi, kwanu kufupi ndi Jenda kuja, ndi kumpoto kapena pakati?" anafunsa mlendoyo.

"Pakati, bwana. Munda wathu uli mbali ya Kasungu."

Zoti manda a agogo ali mbali ya Mzimba sanazitchule. Ine ndinkangoyesa kuti ndi mayeso a mapu, ndipo ndinkafunitsitsa abambo akhoze.

Mlendoyo anandikodola n'kundipatsa siwiti. Ndinagwada, n'kulandira ndi manja awiri monga anandiphunzitsira azakhali akumudzi.

"Yewo," ndinathokoza m'Chitumbuka.

Amayi anasiya kupeta mpunga. Mlendoyo anandiyang'ana, kenako anayang'ana abambo, n'kusolola cholembera m'thumba.

Sabata isanathe, katundu wathu anali pa lole. Abambo anamwalira osandidzudzulapo ngakhale kamodzi, koma ine mpaka lero ndisanathokoze munthu, ndimayamba ndacheuka kuti ndione amene akumva.