Inki Yofiira ya M'makope

Azakhali anagwira ntchito yotayipa mu ofesi zaka makumi awiri ndi zisanu, koma atapuma, ntchitoyo inawatsatira kunyumba. Makalata ofunsira ntchito a ana a achibale, ndondomeko za maukwati, zokambirana za kutchalitchi, zonse zinkathera pa tebulo lawo la pafupi ndi zenera. Anthu ankangoti, "Azakhali, inu zala zanu n'zopepuka," n'kusiya mapepala. Lamulo lawo linali limodzi, lomwe anawaphunzitsa bwana wawo woyamba: tsamba lituluke loyera, zilembo zifanane, zokhwatchakhwatcha za m'mbali zitsale.

Mwana wamkazi wa achimwene awo, yemwe ankakhala nawo pophunzira ku koleji, anavulala dzanja kutatsala masabata awiri kuti apereke lipoti la kafukufuku wake. Anawapatsa makope atatu odzaza. Azakhali anatayipa masiku asanu ndi limodzi, uku akuchapa, uku akuphika. Mtsikanayo anangoyang'ana chikuto n'kukapereka.

Lachinayi masana mtsikanayo analowa m'nyumba.

"Azakhali, aphunzitsi akuti ndaba mawu a eni ake. Masamba khumi ndi anayi. Mawa ndikaonekere ku komiti. Akhoza kundichotsa sukulu."

"Wabanso bwanji iwe, poti ndinkakuona ndi maso angawa ukulemba?"

"Zofiira zija munazitani?"

M'makopemo munalidi inki ya mitundu iwiri, koma azakhali ankangoti mwana cholembera chinkamuthera. Pamenepo m'pamene anamva kuti yabuluu inali maganizo a mtsikanayo, yofiira inali mawu otengedwa m'mabuku, ndipo tizilembo ta m'mbali tija, dzina, chaka ndi tsamba, tinkasonyeza mwini mawuwo. Iwo anasalaza zonse, zikaoneke bwino.

"Bambo ako ndikawauza chiyani ine?" anatero, akufufuza pamwamba pa kabati. Makope anali pomwepo. Kope lachitatulo linali lothothoka kumapeto, poti anang'ambako masamba awiri n'kuyatsira mbaula.

M'mawa mwake azakhali anakhala pa benchi ya m'khonde la koleji, makope atawapanira pachifuwa. Chitseko chilichonse chikatseguka, ankadzutsa mutu. Atawaitana, anapeza anthu atatu kuseri kwa tebulo lalitali.

"Mayi, inu ndinu ndani?" anafunsa mphunzitsi wa pakati, mzimayi wamagalasi.

"Ndine amene ndinatayipa. Zaka zonsezi palibe anandibwezerapo tsamba. Koma izi ndalakwa ndine."

Mphunzitsiyo anatsegula kope loyamba n'kuyamba kufananiza ndi lipoti, chala chili pa mzere. Atamaliza loyambalo anatenga lachiwiri, kenako lachitatu. Azakhali ankangowerenga masamba otsala, akudziwa kumene chalacho chikulowera. Chinafika pong'ambika paja n'kuima.

"Apa?"

"Ndinayatsira moto," anayankha ndi mawu otsika. Bambo wa kumanzere anatsokomola kubisa chiseko.

Mphunzitsiyo anavula magalasi n'kuyang'ana mtsikanayo. "Kuba sunabe. Koma unapereka ntchito osaiwerenga, ndipo malikisi achepa chifukwa cha zimenezo. Ubweretsenso pakatha sabata. Za masamba opsawo, ukafufuzenso ku laibulale."

Masana omwewo anakhala awiri pa tebulo la pa zenera, mtsikana akuwerenga mokweza, azakhali akutayipa. Inki ikangosintha mtundu ankaima, n'kufunsa, "Awa ndi a ndani? Tsamba lanji? Unenenso, pang'onopang'ono."