Gocha Wathu wa ku Ulaya

Kwathu ku Samtredia aliyense amadziwa kuti Gocha anali katswiri wa mpira, ngakhale palibe angakuuzeni bwinobwino chimene anachita m'bwalo. Ine ndi iye tinakulira mpanda umodzi, ndiye ndikhoza kunenako.

Ali mnyamata, timu yathu ikusewera ndi ina ya ku Tbilisi, mpira unamumenya kunkhongo iye akuyang'ana kwina, n'kugwera m'golo. Tawuni yonse inapenga. Bambo ake, a Otar, omwe ankatsogolera mawu paphwando lililonse m'dera lathu, anakweza nyanga yomwera vinyo n'kulengeza kuti dziko la Georgia lamuchepera mwana wawo.

Mawuwo anagwera m'khutu la amalume ake, a Vakhtang, ogulitsa matayala akale kuseri kwa siteshoni ya sitima. Anagula jekete lachikopa ndi foni yachiwiri, n'kuyamba kudzitcha ejenti. Kanema wa chigoli chija anamudula mwaluso, osaonetsa kumene Gocha ankayang'ana.

"Nanga akandifunsa zigoli zina, amalume?" anafunsa Gocha.

"Iwe, anthu akunja alibe nthawi yofunsa. Ukangoti ndiwe wa ku Georgia, iwo eni adzamaliza okha."

Anayambira ku Ukraine, kutimu ya m'tawuni ya migodi ya malasha, kumene anakhala pabenchi mokhulupirika mpaka kontirakiti inatha. Ku Kupro anapezako dzuwa ndi nyama yootcha, nabwerako ndi kamimba. Ku Kazakhstan kokha ndiko anamuyesa kusewera kumbuyo, ndipo anagoletsa chigoli chokongola cha mutu, koma m'golo la timu yake yomwe. A Vakhtang anachiwonjezera mukanema muja.

"Chigoli ndi chigoli," anatero. "Golo sililembedwa dzina."

Nyengo yotentha ikafika, Gocha ankabwera kudzapuma atavala magalasi akuda, akudandaula za maenje a m'misewu yathu ngati sanabadwiremo. Amayi ake akamuphikira khachapuri, ankati buledi wa tchizi ngati ameneyo n'ngolemera kwa munthu wamasewera, kenako n'kudya atatu. Azimayi a mumsewu wathu ankapeza zifukwa zotumira ana awo aakazi kukabwereka mchere kwa a Otar.

Gocha atasamukira ku Latvia, a Otar anaganiza zokamuona akusewera, mtima wawo usanawasiye, pakuti adokotala anali atayamba kuwayang'ana mwachisoni. Sanamuuze. Ananyamula tchizi ndi chigubu cha vinyo wa m'munda mwawo, nakwera ndege koyamba m'moyo wawo. Zimene zinachitika kumeneko anandiuza ndi Gocha mwini, patapita zaka, ataledzera.

Bwalolo linali kuseri kwa nkhalango, ndipo oonerera anali ochepa kuposa anthu a pamaliro a mlendo. A Otar anayang'ana m'bwalo, Gocha munalibe. Anayang'ana pabenchi, panalibe. Anakamupeza pamipando ya masapota, atadzikuta chikhoti, akutafuna nthanga za mpendadzuwa.

"Bambo! Mwabwera bwanji?"

"Pandege, ngati munthu. Nanga iwe ukutani kuno kumtunda?"

"Minofu yandikoka pang'ono. Akochi akundisungira gemu yaikulu."

A Otar anakhala pansi, natambasula dzanja kuti awagawireko nthanga. Anaonerera limodzi anyamata atsitsi loyera akuthamangitsana mumvula. Theka loyamba litatha, mkuluyo anafunsa osamuyang'ana.

"Minofu imeneyi inayamba liti?"

"Kalekale, bambo."

"Mpira umaukonda, mwana wanga?"

Gocha akuti anafuna kunama, koma analephera. "Sindinaukondepo kwenikweni. Ndinkafuna kuyendetsa sitima ngati agogo. Koma mutakweza nyanga ija, ndikanabwerera bwanji?"

A Otar anangolavula makoko. Masewera anatha opanda chigoli. Vinyo uja anamwa awiriwo m'kachipinda ka Gocha, ndipo nkhani ya mpira sinatchulidwenso.

A Otar atabwerako, msewu wonse tinasonkhana pansi pa mpesa wa pakhomo pawo. Tebulo linadzaza mpaka mbale kusanjikizana. A Otar anaimirira, nakonza kolala.

"Abale anga, ndamuona ndi maso angawa. Wagoletsa ziwiri. Chachitatu oyimbira anachikana, mukudziwa mmene amatichitira ife a mayiko ang'onoang'ono."

Tonsefe tinali ndi mafoni m'matumba, ndipo ambiri tinali titaona kale zotsatira. Palibe anatsokomola. Tinaimirira, tinamwa mpaka pansi, ndipo a Vakhtang analira misozi yeniyeni. Tawuni imene mafakitale ake anatsekedwa kale siingataye katswiri wake chifukwa cha foni.

A Otar anamwalira m'nyengo yachisanu yotsatira. Gocha anabwera kumaliro, ndipo sanabwererenso kunja. Anauza anthu kuti bondo lamuthera ntchito, nayamba kutsimphina, ngakhale masiku ena ankaiwala mwendo wake. Akuluakulu a tawuni anam'patsa udindo woyang'anira masewera a achinyamata, ofesi ya mpando wofewa ndi zenera loyang'ana kumsika. Ntchitoyo anaigwira bwino, chifukwa kukhala pansi n'kumaonerera ena akuthamanga anaziphunzira m'mayiko anayi.

Anakwatira Tsiala, dokotala wa mano wa ku Kutaisi, mkazi wosadziwa kusiyana kwa penate ndi kona, amenenso safuna kudziwa. Timu ya dziko ikamasewera pa TV, Gocha amakhala kutsogolo m'bala la pasiteshoni, kulangiza osewera mofuula, ndipo ife timagwedeza mitu.

Chaka chatha a Vakhtang, okalamba tsopano koma jekete likadali lomwelo, anaona mwana wa Gocha akumenya chitini mumsewu, nathamangira kwa Tsiala.

"Mayi, mwendo wamanzere uwo ndi golide! Mundipatse ine mwanayu."

"Amalume, imwani khofi wanu," anatero Tsiala. "Lolemba akuyamba piyano."

A Vakhtang anatembenukira kwa Gocha kuti awathandize. Gocha anali atadzuka kale, akufunsa mkazi wake kuti piyanoyo aiika pakona iti.