Mamasiki a m'kabati ya galasi

Dzina lakuti a Simbi anawapatsa ndi anthu a mumsewu mwawo, chifukwa bamboyo ankasita chilichonse: malaya, mipango ya m'thumba, ngakhale ovololo yogwirira ntchito. Eni akewo sankakana. Ankati kusukulu ya mishoni anaphunzirako zinthu ziwiri, kupala thabwa ndi kusunga zabwino kudikira Lamulungu, ndipo chachiwiricho ndi chimene chinawalowa mpaka m'mafupa.

Anali ndi shopu ya mipando kuseri kwa sitolo ya matayala. Iwo ankapala ndi kulumikiza. Mlamu wawo, mchimwene wa mayi a kunyumba, ankapopera penti ndi vanishi m'kachipinda ka zenera limodzi. Shopuyo ndiyo inkadyetsa mabanja awiriwo.

Atamva kuti a boma ayamba kuyendera malo a ntchito n'kumatseka osatsata malamulo a chitetezo, a Simbi sanazengereze. Anagula mamasiki a mphira okhala ndi zosefera mpweya, magalasi a m'maso, magolovesi, ndi mgolo wofiira wothiramo zotsalira za penti. Atafika nazo anaziyang'anitsitsa, naona kuti zinthu zokongola chotero sizingalowe m'fumbi. Anazikhomera kabati ya galasi, yonga ija mayi a kunyumba amasungiramo makapu a alendo, naikapo loko. Mgolo anauimika pakhomo, pamwamba pake kansalu ndi duwa la m'chitini.

"Alamu, mamasiki aja akudikira ukwati wa yani?" anafunsa mlamu tsiku lina, akutsokomola.

"Mukawadetsa lero, a boma akabwera tidzawaonetsa chiyani?"

"Mudzawaonetsa chifuwa changachi. Muli mitundu yonse."

Choncho mlamu anapitiriza kumanga kansanza pamphuno, ndipo zotsukira mfuti yopopera penti ankazikhuthulira m'ngalande ya kuseri monga kale. Mayi wa matayala ankati iye safunsa zimene zikupangidwa m'shopumo: ngalande ikabiriwira, ndiye kuti ndi mabenchi a sukulu.

Woyendera wa boma atafika, anali mayi wamfupi wa nsapato zafumbi. A Simbi anatsegula kabati pang'onopang'ono ngati mkulu wa mpingo. Mayiyo anatola masiki imodzi, anaisuzumira m'kati, nainunkhiza.

"Bambo, mumaisamala."

A Simbi anagwetsa nkhope. Kuyamikiridwa kunkawayabwa chiyambire ubwana. "N'zochepa, mayi. Timangoyesetsa."

"Sindikukuyamikani. Masiki iyi sinaonepo mphuno ya munthu."

Anaitana mlamu namupempha kuti amine. Mlamu analibe mpango, ndipo a Simbi, poti ulemu sunawathawe, anapereka wawo wosita bwino uja. Unabwerera wobiriwira. Mayiyo anagogoda mgolo ndi chala, ndipo unalira ngati belu. Kenako anazungulira kuseri, naima nthawi yaitali pambali pa ngalande.

"Ndidzabweranso," anatero. "Ndikadzapeza zinthu zanu zili mbee chonchi, shopu ndidzatseka."

Atachoka, a Simbi anakhala pabenchi losauma bwino osazindikira n'komwe. Anadziseka chamumtima: munthu wamera imvi akuthawa litsiro, lero akuuzidwa kuti chakudya cha ana ake chili m'litsiromo.

"Zosavuta izi, alamu," anatero mlamu. "Tingowawaza penti kunjaku, aoneke otopa."

A Simbi anaiganizira nzeruyo nthawi yotalikirapo kuposa mmene amafunira kuvomera. Koma mayi uja ankasuzumira m'kati, ndiponso ankanunkhiza. Kuwonjezera apo, chifuwa cha mlamu sichikanapusitsidwa ndi penti wa kunja.

"Tengani kiyi," anatero a Simbi. "Valani. Koma musavalire pamaso panga."

Sabata imeneyo anaboola khoma la kachipinda kaja n'kuikapo zenera lachiwiri. Duwa anapita nalo kunyumba. Tsiku loyamba kuthira zonyansa mumgolo wofiira, a Simbi anapeza chifukwa chopitira kukagula misomali. Masiki yachiwiri anaivala okha popala, ndipo inawasiyira mzere pamasaya womwe mayi a kunyumba ankauseka mpaka pa chakudya.

"Bambo a ana, mpango ndiye ndachapa, koma kubiriwirako kwakana. Nanga thalauza ili munakhalira chiyani?"

Mayi woyendera atabweranso, anapeza masiki yosinthira ya mlamu ili pamsomali, yathimbirira, ikununkha thukuta ndi vanishi. Anagogoda mgolo, ndipo sunalire. Ngalande inali itabwerera ku litsiro wamba, lopanda penti. Anaima pakati pa shopu akumvetsera, koma kuchokera m'kachipinda kaja munkangomveka mfuti ya penti, osati chifuwa.

"Apa ndiye mwachita bwino, bambo. Pitirizani ntchito."

A Simbi anadikira mawu achiwiri, poti ulendo woyamba uja mbola inali kumapeto. Mawuwo sanabwere. Anayang'ana pansi, anayang'ana kabati yopanda kanthu, naloza kukachipinda.

"Si ine, mayi. Adetsa ndi alamuwa."