Ndani Anamiza Galimoto Yanga

Ine sukulu ndinalekera kalasi yachiwiri, koma za pansi pa nthaka musandiphunzitse. Ndakalambira pa mapampu m'migodi ya kuno ku Bindura, ndipo madzi ndimawadziwa kuposa ana anga obala ndekha. N'chifukwa chake nkhani ya galimoto yanga imandiwawa mpaka lero.

Galimotoyo anandipatsa ndi mzungu wa pamgodi wathu, zaka zija azungu ankachoka m'mapulazi, minda yawo ikuluikulu ija. Inali yakalekale, yakuda bii, yamphuno yaitali, mipando yachikopa chofiira, chitsulo cha kutsogolo chowala moti azimayi ankakonzerapo maduku. Anandiponyera kiyi n'kunena m'Chilapalapa, chinenero cha kumigodi, "Lo motoka ka wena manje," kutanthauza kuti galimotoyi tsopano ndi yanga. Analembanso kakalata kotsimikiza kuti wandipatsa, ine n'kukasunga m'kabokosi ka kutsogolo kwa mpando.

Tsiku lomwelo ndinalonjeza mkazi wanga. Iye anachoka ku Dedza ali mtsikana ndipo sanapondekonso. "Amayi," ndinatero, "inu kwanu simudzapita pa basi ngati thumba la chimanga. Mudzatsika m'galimoto iyi, aone kuti machona si onse osauka."

Koma nthawi inali yoipa. Petulo kunalibe, ndipo m'makomboni munkayenda magulu olanda zinthu. Mmalawi ndi galimoto ya mzungu? Akanangoti ndaba. Kuseri kwa munda wanga kuli mgodi wakale wolowa m'phiri chopingasa, ngati phanga. Ine ndi alamu anga, achimwene ake a mkazi wangayo, tinaikankhira m'menemo. Ndinaikweza pa njerwa, ndinachotsa batire, ndinapaka girisi paliponse, ndinaifunditsa tenti. Pakhomo tinamanga khoma n'kulikwirira ndi dothi. Pansi pa khomalo tinasiya paipi yoti madzi a m'phiri azitulukira.

Zaka zinadutsa zoposa makumi awiri. Petulo akapezeka, matayala kulibe. Matayala akapezeka, mapasipoti atha ntchito. Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti komboni yonse inkadziwa. Ndikamadutsa pa msika, Ashona ankakuwa, "Mudhara, mota yenyu iripi?" kutanthauza kuti, madala, galimoto yanu ili kuti? Anawauza ndani? Ine ndinangouza amuna atatu anayi kumzikiti, anthu aulemu wawo. Wotsala ndi mmodzi yekha: alamu. Munthuyu analibe ngakhale njinga, koma phazi lake silinkachoka kuseri kwa munda wanga. Akuti akukaona paipi. Paipi ya galimoto ya mwini ikukukhudzani bwanji?

Chaka chino inabwera foni yoti mng'ono wake wa mkazi wanga, yekhayo wotsala kumudzi, wadwala kwambiri. Mkazi wanga sanalire. Anangoti, "Abambo, galimoto ija."

M'mawa mwake ndinatenga piki, alamu fosholo. Titafukula dothi, ndinaona kuti khoma likutuluka thukuta. Ndinagumula njerwa imodzi ya m'mwamba, yofika m'chifuwa mwanga. Madzi anatumphuka ngati ng'ombe ikukodza, ofiira, onunkha dzira lowola. Anayenda mpaka dzuwa linafika pamutu, n'kundiwonongeranso mizere isanu ya mbatata.

Titagumula khoma lonse ndinalowa ndi tochi, ndipo tenti inangonyenyeka m'manja. Mzere wa madzi unali pamwamba pa mawindo. Denga lokha ndi limene linali likadali lakuda, kwina konse dzimbiri. Ndinakanikiza chitseko ndi chala, chala n'kulowa. Pa mipando panatsala mawaya ndi matope, achule akundiyang'ana ngati ndalowa m'nyumba mwawo. Mu injini, oilo anasanduka phala. Kalata ya mzungu ija ndinaitapa ndi zala ziwiri ngati ndowe. Kiyi ndinali nayo m'thumba, yowala bwinobwino, koma bowo lake linali litatsekeka.

Madzi ochuluka chonchi sabwera okha. Wina anawathira.

Ndinakwera phiri molunjika kwa makorokoza, anthu aja okumba golide mwa okha, amene adzaza maenje pamwamba pake. "Mwamiza galimoto yanga!" ndinakuwa. Mkulu wawo anatuluka m'dzenje, matope mpaka m'makutu. "Sekuru, galimoto yanji m'phiri? Bwerani muone, pampu yathu imalavulira kumtsinje." Ndinatsata hosipaipi yawo mpaka kumapeto. Inalidi kumtsinje. Koma hosipaipi ilibe mizu, munthu angathe kuisuntha dzulo lake.

Ndinatsika n'kupeza alamu atakhala pa njerwa, mkazi wanga ataima pambali ndi manja kumbuyo.

"Alamu, mundiuze zoona. Munagwirizana nawo aja? Munaona kuti galimoto simuipeza, ndiye mwati tonse tisowe?"

"Ine ndigwirizane ndi makorokoza kuti ndipindule achule?" anatero. "Alamu, takumbani apo pa paipi."

"Musandilamule pa munda wanga!"

"Kumbani, abambo," anatero mkazi wanga, motsitsa mawu.

Ndinakumba. Kukamwa kwa paipi kunali simenti, yolimba gwaa, yosalala bwino, ntchito ya munthu wodziwa. Ndinaizindikira ndisanaigwire n'komwe.

"Chaka cha chilala chija," anatero mkazi wanga, "munawapeza achimwene atagwada apa ndi waya. Munabwera kunyumba mukutukwana kuti akufuna kukokera zinthu pa paipi. Simenti yake munasakanizira m'beseni langa lochapira."

"Ndinkachotsa matope," anatero alamu. "Galimoto ingatuluke pa paipi?"

Ndilembe apa poyera, chifukwa ine bodza sindinena: simentiyo ndinaika ndine. Paipi inali youma, phiri louma, ndipo ndinati mvula ikadzagwa ndidzaigumula. Mvula inagwa, ine ndinali pa shifiti, kenaka zina ndi zina. Komabe funso langa lilipo. Munthu amene phazi lake silinkachoka pamalopo, anaona paipi yosadontha zaka zonsezi, bwanji sananene?

"Ndinanena kawiri," anayankha alamu. "Kachiwiriko munanditolera mwala."

Za mwala sindikukumbuka. Ndipo mpaka pano ndimati paipi yokha sikanadzaza phanga lonse lija. Makorokoza anathirapo awo.

Madzulo mkazi wanga anatulutsa chikwama chake pansi pa bedi n'kuyamba kupinda zitenje. Sanandinyoze, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kunyozedwa. Ndinati, "Amayi, dikirani pang'ono. Kuli munthu ku Jumbo amene amawotcherera chilichonse."

"Mng'ono wanga sadikira wowotcherera," anatero.

Tinakwera basi, yodzaza, ya matumba mpaka pakhomo. Ndinakangana ndi kondakitala mpaka anamupatsa mpando wa pawindo, ndipo chikwama chake ndinachifukata ndekha njira yonse ya ku Tete, chifukwa maso a munthu amene anakhala kumbuyo kwathu sindinawakonde.

Wodwalayo tinamupeza ali moyo, atagona pa mphasa pakhonde. Iye ndi mkazi wanga anagwirana manja nthawi yaitali. Kenaka mayiyo anatembenuza mutu n'kuyang'ana kumsewu.

"Nanga galimoto ija munkanena m'makalata, alamu?"

Ine amene mawu anga amamveka kutsidya kwa mgodi pampu ikulira, ndinangotembenukira kwa mkazi wanga. Dzanja langa linali m'thumba, litafumbata kiyi.

"Abambo aisunga pabwino," anatero mkazi wanga. "Palibe wakuba angaitenge."

Wodwala anagwedeza mutu, wokhutira. Koma ine ndinaona mmene mkazi wanga anabisira pakamwa ndi nsonga ya chitenje, ndipo ndikukhulupirira kuti usiku tisananyamuke, iye ndi achimwene ake anakhala pansi n'kupangana yankho limenelo.