Ndinakafuna Ntchito ku Kalingalinga, Ndinadzuka M'bokosi

Ndinanyamuka ku George, komboni yathu mu Lusaka, m'mawa, azimayi akadali pamzere wa madzi ndi zigubu zawo. Fakitale imene ndinkagwirako ukalaliki inali itatichotsa chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi, ndipo kunyumba zinthu zinali zitafika pothina. Dzulo lake ufa wotsala tinasiyira ana athu awiri, ine ndi mkazi wanga n'kugonera madzi. Ulendo unali wa ku Kalingalinga kwa Chanda, mnzanga wa kusukulu amene ndi kalipentala, kukapempha kuti andiphunzitse ntchito. Bambo wa ana, wosadziwa ngakhale kukhoma msomali. Ndinavala jekete kuti njala isaonekere.

Kondakitala wa minibasi ataona jeketeyo anati, "Ba bosi, nkalani kusogolo." Ndinapereka makwacha khumi ndi asanu ngati sizikundipweteka. Pambali panga panakhala mayi wina wonenepa bwino, akudya chinangwa chootcha ndi nsawawa.

"Tengani ka tute, ba bosi," anatero akundilozera pepala lake.

"Zikomo amayi, ndadya kale."

Kwathu ku Katete tinaleredwa kuti mlendo sathamangira mbale. Amayamba wakana, eni ake n'kumukakamiza, ndiye amasamba m'manja ngati akuwachitira chifundo. Ndinadikira kuitanidwa kachiwiri, dzanja lili chire. Mayiyo anangoti, "Oo, shuwa," n'kupitiriza. Ndinamvera kutafuna kwake kuchokera ku Matero mpaka m'tauni, ndipo ndinamuda ndi mtima wonse.

M'tauni ndinasunga ndalama yobwererera, ulendo wotsalawo ndinauyenda wapansi. Ukakhala ndi njala m'pamene umaona kuti Lusaka yense ndi khitchini: apa zitumbuwa, apo soseji, kutsogolo chimanga pamakala. Chakudya chilipo, ife timangochidutsa. Mkulu wina wopemphapempha anandigwira jekete nati, "Ba bosi, njala." Ndinafuna kumuuza kuti tilipo awiri, koma ndinangofulumiza miyendo.

Dzuwa lili paliwombo ndinalowa Kalingalinga. M'mbali mwa msewu munali mabedi, mageti, timakola ta agalu, ndi owotcherera zitsulo atakhala chete kudikira magetsi. Chanda amapanga matebulo ndi mabokosi a maliro, poti tebulo munthu amagula akalandira malipiro, koma bokosi silidikira mwezi kutha. Ndinamupeza ndi antchito ake awiri akudya mbatata yophika ndi tiyi.

"Iwe mune, wasowa. Bwela udye kandolo," anatero.

Mukuganiza kuti ndinali nditaphunzirapo kanthu m'basi muja? Pakamwa panga panayankha pokha: "Ndadya kale." Mbale inatha ndikuiyang'ana.

Nditafotokoza chimene ndinabwerera, Chanda sanachulutse mafunso. "Ngati wadya, nchito ilipo. Chosa jekete, utute mapulanga aya uyapeleke kumbuyo."

Matabwa a mukwa salemekeza satifiketi. Oyambawo ndinanyamula mwamatama, ndikuimba mluzu. Kenaka m'makutu munalira ngati wailesi yosowa siteshoni, ndipo nyumba za Kalingalinga zinapendekeka.

Ndinatsitsimuka ndili chagada pamalo ofewa, onunkhira vanishi. Pansi panali misomali ndi zidutswa za matabwa, choncho anyamata aja anandigoneka m'bokosi limene linali pamthunzi. Mwatsoka nthawi yomweyo kunafika bambo wina wodzagula bokosi la malume ake, ndipo anawerama kuti aone nsalu ya m'kati. Tinayang'anizana. Ine mwaulemu ndinamupatsa moni. Bamboyo sanakuwe ayi, anangobwerera chambuyo mpaka kumsewu, n'kukagula kwa kalipentala wina.

"Wanitayisa kasitoma," anatero Chanda, akupukuta misozi ya kuseka. Anatuma antchito aja kumsika, tinatsala awiri. Anandipatsa tiyi wa shuga wambiri ndi mabanzi, kuseka kuja n'kutha.

"Unadya liti?"

"Dzulo m'mawa."

"Manje wakanila chani?"

"Ndimadikira kuti undiitane kachiwiri."

"Kuno ni ku Lusaka, mune. Tiitana kamozi chabe, nafuti tikaitana tiyopa kuti uzavomela." Anandiwonjezera tiyi. "Iwe wagwela pano, takunyamula. Nanga ba kunyumba?"

Manyazi anandigwira, koma mtima unapepuka kuti pali munthu amene wadziwa. Ntchito anandilemba, ya kupala matabwa, ndipo pochoka anandisenzetsa kathumba ka ufa ndi kapenta kuchokera m'nyumba mwake, ngakhale ndinaona ndekha kuti namonso simunali mwa mwanaalirenji.

Pobwerera palibe ananditcha bosi. Ndinakhala kumbuyo kwenikweni kwa basi, thumba pamiyendo, utuchi m'tsitsi, ndikuganiza za anthu amene ndinapanikizana nawo. Angati mwa iwo akanati adya kale? Njala ya m'komboni imasamba, imadzola mafuta, n'kukwera basi limodzi nafe.

Ndinafika ku George dzuwa likulowa. Mkazi wanga anaphika, anagawira ana, anandiikira mbale yanga, iye n'kukakhala pakhomo.

"Bwerani tidye, amake Tamara," ndinatero.

"Idyani inu. Ine ndadya kwa aneba."

Ndinasiya mbale, ndinapita kukakhala pambali pake, ndipo ndinamuitananso.