Kachewere wa ku Area 43

Mukatsika minibasi pa Chimbiya, mufunse a Levison ogulitsa kachewere. Ndi bambo wamfupi, wa jekete lomwelomwelo chaka chonse, ndipo pakamwa sapuma. Anabadwira ku Mphunzi, sukulu analekera panjira, n'kuyamba kulima mbatata ya kachewere ndi amalume awo. Kwa zaka zambiri, Loweruka lililonse ankakwera ndi matumba kupita ku Lilongwe kukagogoda m'mageti a ku Area 43, kumene ndimakhala ine.

Bambo anga atamwalira, ndinakatenga amayi ku Chongoni kuti ndizikhala nawo. Ndinkati ndawapumitsa. Kupuma kwake kuti? Kwathu ku Area 43 ndi mipanda italiitali, mawaya amagetsi pamwamba, agalu akuuwa mkati. Woyandikana naye umangomudziwa galimoto. Amayi ankangokhala pakhonde, maso pa kapinga, ndipo chakudya anayamba kukana. Dokotala anawayeza, osapeza matenda. Amayi anaonda moti chitenje chinkazungulira kawiri m'chiuno. Ndinkaopa kuti andithawa ndikuona.

Tsiku lina a Levison anawapeza pakhondepo. Anatula thumba, kuvula chipewa, n'kunjuta pansi.

"Mwaswera bwanji, mayi? Kwanu n'kuti?"

"Ku Chongoni."

"Aaa! Ndiye mwangokhala, mwezi uno? Anzanutu ali kudimba. Munda wonsewu mwausiyira udzu?"

Ine ndinalowerera. "A Levison, ameneyu ndi kapinga. Timachita kuthirira."

"Kuthirira udzu, madamu? Nanga mbuzi zake zili kuti?"

Amayi anaseka mpaka kutsokomola. Kuseka kumeneko ndinali nditakuiwala.

Loweruka lotsatira a Levison anabwera ndi khasu komanso ndowa ya mbewu yophuka kale. Sindinama, khasu litalowa mu kapinga wanga mtima unandipweteka. Koma amayi anadzuka, kumanga chitenje, n'kuwalanda khasulo, ati mizere yawo ndi yokhota ngati ya mwana. Tsiku limenelo anadya, napempha kuti ndiwawonjezere.

Kuyambira pamenepo Loweruka linali la awiriwa. Ankakangana za manyowa, a Levison n'kumawauza amene wakwatiwa ndi amene wamwalira kumudzi. Alendo anga ankadabwa kuona mizere ya mbatata pambali pa galaja. Ine ndinalibe nazo ntchito, bola amayi anabwerera m'thupi. Tinakhala nawo zaka zina zingapo.

Pamene amayi anatisiya, mbatata yawo yomaliza inali isanakumbidwe. Ine mutu unali utaima. A Levison anabwera osaitanidwa, anakumba yonse, n'kuikweza pa lole yonyamula anthu opita kumaliro. Titafika ku Chongoni, azimayi ophika anagwira pakamwa.

"Kachewere kuchoka ku Lilongwe kubwera ku Dedza? Bambo, mutu ukuyenda bwino?"

"Phikani basi," anayankha a Levison. "Walima ndi mwini wake malirowa. Wina asamanene kuti mayiwa anapita kutauni kukangokhala."

Mudzi wonse unadya za m'munda mwa amayi tsiku limenelo. Ine ndinadya ndikulira, koma mtima uli pansi.

Pano maondo anawakana a Levison, amangogulitsira pa Chimbiya pomwepo. Ndikamadutsa ndimaima ndithu, chifukwa zaka zimene ndinakhala ndi amayi zija anandipatsa ndi iwo. Ndikati ndithokoze amandidula pakamwa, n'kufunsa ngati udzu uja unabwereranso.

Sunabwerere. Chaka chino mizere ndapanga ndekha, yokhotakhota.