Njinga Imene a Muhiwa Anaikana

A Goodson Muhiwa anagwira ntchito ya umesenjala pa esiteti yathu ya tiyi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ine ndinali kalaliki mu ofesi yaikulu, choncho ndinkawapatsira mapepala pafupifupi m'mawa uliwonse. Sindikunena kuti anali munthu wopanda chilema. Anali ouma mutu, ndipo akayamba kufotokoza za njinga, tiyi ankazizira m'kapu. Koma sindikumbukira tsiku limene kalata inafika mochedwa chifukwa cha iwo.

Anabadwira ku Khwethemule. Agogo awo anabwera wapansi kuchokera ku Mozambique kudzafuna ntchito m'minda yomweyi, ndipo iwonso anayamba ndi dengu kumsana, kutchola masamba. Kapitawo wina ataona kuti mnyamatayu sasokoneza manambala a minda, anakawatchula ku ofesi. Kumeneko anawapatsa njinga yakuda ya kampani ndi chikwama chachikopa, kuti azizungulira nazo madivishoni, fakitale ndi kachipatala kathu.

Anali ndi chizolowezi chimodzi chimene tonse tinkachidziwa. Munthu akati "ndi pafupi," iwo sankamukhulupirira. Msewu uliwonse wachilendo ankayamba auyenda okha, diso lili pa wotchi. Ankadziwa kuti kuchoka ku ofesi kukafika ku fakitale ndi mphindi khumi ndi zisanu ndi zitatu kukakhala kouma, koma chiperoni chikanyowetsa dothi lofiira lija zimakwana makumi awiri ndi zisanu. Atapuma ntchito kampani inawapatsa wotchi yatsopano yapamkono, ndipo mpaka lero amaivala ngakhale polima.

Kwathu kuno njinga yochokera kusitolo sitiiyesa yomalizidwa. Imayamba yapita kwa Dixon, wowotcherera wa pa Goliati. Iye amachotsa masipoko a kusitolo n'kuika onenepa, kenako n'kuwotcherera zitsulo ku kaliyala kuti izitha kunyamula mikoko ya nthochi, thumba la feteleza, ngakhale wodwala. Pogula, timainyamula ndi dzanja limodzi. Ikalemera ndiye kuti ndi njinga. Za magiya sitilabadira. Ukafika pachitunda umatsika n'kumakankha, ndipo ukafika pamwamba umakwera n'kuimasula, nthawi yonse imene unataya pokankha n'kuibweza potsetsereka. A Muhiwa anayenda motero moyo wawo wonse, ndipo njira ina sankaidziwa.

Chaka chathachi mwana wawo womaliza, Daisy, anapeza ntchito pa sitolo ina yogulitsa mankhwala mu Limbe. Anamulemba mongomuyesa kaye kwa miyezi itatu. Ankakhala kwa azakhali ake ku Bangwe, ndipo sitoloyo imatsegulidwa hafu pasiti seveni. Vuto linali minibasi. Masiku ena inkaima pa siteji kudikira kuti idzaze, masiku ena inkabwera yodzaza kale. M'mwezi woyamba wokha Daisy anachedwa kanayi, ndipo mwini sitolo anamuuza mosabisa kuti akachedwanso kamodzi, miyezi itatuyo ikatha asadzabwerenso.

Daisy anawauza bambo ake pafoni. Iwo sanamukalipire, sanamutonthozenso. Anangoti, "Loweruka undidikire mu Limbe. Tikagule njinga."

Ine ndinapita nawo chifukwa magalasi anga anali atathyoka mwendo. Tinakwera minibasi pa Thyolo Boma, a Muhiwa atavala jekete la kutchalitchi. Daisy tinamupeza atatidikira kale, ndipo anatitengera ku sitolo imene njinga zake zinali zitandandalikidwa pakhonde. Wogulitsa anali bambo wachinyamata, wonenepa pang'ono, dzina lake Fraser.

A Muhiwa sanafunse kanthu. Anayamba kumapeto kwa mzere, kunyamula njinga iliyonse ndi dzanja limodzi n'kuibweza pansi. Atafika pa ina yobiriwira, yopanda mtanda wapakati, ya matayala owonda, anaikweza mpaka m'chiuno n'kuseka.

"Iyi mwaika pano kuti tigule, kapena ndi yokongoletsera khonde?"

"Imeneyo ndiye ya m'tauni, madala," anatero Fraser. "Ili ndi magiya seveni. Achemwaliwa ingawayenere kwambiri."

"Magiya ndi a thirakitala. Kaliyala kakeka mungaikepo chiyani? Buledi?"

"Ababa, ine ndimangonyamula chikwama ndi chakudya chamasana," Daisy ananena chapansipansi.

"Lero. Nanga mawa akakutuma ufa azakhali ako?"

Ndinamuona Daisy akuyang'ana yobiriwirayo, koma si mwana wotsutsana ndi bambo ake pagulu.

Kumapeto kwenikweni kunali yakuda, ya mtanda, ya mabuleki azitsulo, yofanana ndi ya kampani ija. A Muhiwa anainyamula, mtsempha wa pamkono n'kutuluka. Anagogoda felemu ndi chikhadabo, anapinda bondo n'kuyang'ana tcheni.

"Nayi njinga," anatero. "Iyi ikapita kwa Dixon, adzakwera ndi adzukulu ako."

Fraser anali atatenga kale sipanala kuti akweze chishalo, koma a Muhiwa anakweza dzanja.

"Dikirani kaye. Daisy, kuchoka kwa azakhali ako kufika pantchito ndi mphindi zingati panjinga?"

"Ndi pafupi, ababa."

Ine ndinayang'ana kumbali, chifukwa ndinadziwa chimene chikubwera.

"Achimwene," anatero a Muhiwa kwa Fraser, "ndibwerekeni njingayi. Ndifike ku Bangwe ndi kubwerako."

"Aaa, madala! Njinga yatsopano? Abwana atamva andichotsa ntchito. Zungulirani pakhonde pompano."

"Mwanayu ntchito yake sili pakhonde pano."

"Nanga mukapita osabwerako?"

"Ndikusiyirani chikole. Uyu mwana wanga, ndi akalaliki awa. Akalalikiwo sadya zambiri."

Fraser anaseka, kenako anawayang'anitsitsa. "Kalankhulidweka, kwanu n'kuti madala?"

"Ku Khwethemule."

"Ine amayi anga ndi a kwa Nsabwe!"

Anapatsana moni wa Chilomwe, nafunsana za mabanja, ndipo zinapezeka kuti amalume a Fraser anagwirapo ntchito pa fakitale yathu. Pamapeto pake Fraser anati matayala atsuka yekha, bola asaigwetse. A Muhiwa anavula jekete n'kundipatsa, anapisa miyendo ya buluku m'masokosi, anafunsa Daisy njira, anayang'ana wotchi, n'kunyamuka.

Tinakhala pabenchi. Ine ndinapita kokonzetsa magalasi n'kubwerako, iwo asanafike. Fraser anayamba kutuluka pafupipafupi kukasuzumira kumsewu. Daisy anakhalabe pabenchi, manja ali pamiyendo.

Anatulukira patatha ola limodzi ndi mphindi khumi, malaya atanyowa kumsana. Anaimika njinga bwinobwino, anapempha madzi, n'kukhala pansi.

"Bwanji madala, ukalamba?" anafunsa Fraser.

"Miyendo ilibe mlandu. Miyendoyi yakwera zitunda zoti inu simungazione n'komwe pamwamba pake." Anamwanso madzi. "Pokwera ndatsika n'kukankha, monga mwa nthawi zonse. Ndimati ndibweza potsika. Koma kuno kulibe potsika."

"Zitunda zilipo, madala."

"Zilipo, koma simungaimasule. Ndangoti ndimasule, minibasi yaima kutsogolo kwanga. Ndaizungulira, mayi wa tomato akuwoloka. Ndadutsa mayiyo, wa njinga yamoto watulukira kumanzere. Ndatsika chitunda chonse nditagwira mabuleki. Ndipo ukaima, chitsulochi kuti chiyambenso kuyenda, mpaka uimirire pa mapedulo. Ndaima kakhumi ndi kawiri. Ndimawerenga."

Anayang'ana njinga yakuda ija nthawi yaitali. Sindinawaonepo akuyang'ana njinga motero.

"Kwathu msewu umakubwezera," anatero. "Wa kuno subweza."

Kenako anatembenukira kwa Daisy. "Iwe, magiyawa umawadziwa?"

"Eya, ababa. Mnzanga wa kukoleji anali nayo yotere. Ndinkakwera."

"Bwanji osanena?"

"Simunandifunse."

Fraser anadziphimba pakamwa. A Muhiwa anachita ngati sanamve. Analoza yobiriwira ija.

"Achimwene, tsopano chikole ndine. Mwanayu apite."

Fraser anadandaula kuti tsopano atsuka matayala anayi, koma anatsitsa chishalo pang'ono n'kupopa tayala lakumbuyo. Daisy anamanga bwino chitenje chake, analowetsa mwendo pamene pakanakhala mtanda, ndipo anadikira. Bambo ake anakweza mkono, diso pa wotchi.

"Usathamange ngati uli pa mpikisano. Yenda mmene ungayendere Lolemba. Ukafike pageti pa azakhali ako penipeni, osati pamsewu. Pita."

Nthawi imene Daisy kunalibe, a Muhiwa sanakhale pabenchi. Anaima m'mphepete mwa khonde, manja kumbuyo, monga ankaimira pakhomo pa ofesi podikira kuti ndimalize kudinda makalata. Ndinawauza kuti kuyesaku sikukhala kolungama, poti iwo ndi wamkulu, mwanayo ndi wa zaka makumi awiri ndi zitatu.

"Ndikudziwa, akalaliki. Sindikuyesa miyendo. Ndikufuna ndimve ngati atsike."

Daisy anabwera patatha mphindi makumi anayi ndi zinayi. Anali ndi thukuta pang'ono pamphumi, koma ankapuma bwino. M'dzanja anali ndi mapeyala awiri m'kajumbo.

"Azakhali akuti ndikupatseni, kuti mudziwe kuti ndinafikadi."

A Muhiwa analandira mapeyalawo osamwetulira. "Pachitunda chachitali chija, chodutsa pa okhoma zidebe, unatsika?"

"Ayi. Ndinangosintha giya."

"Sunatsike ngakhale pang'ono?"

"Ngakhale pang'ono."

"Poima ndi poyambanso?"

"Imangonyamuka, ababa."

Anayang'ananso wotchi, ngakhale anali ataiona kale. Kenako anawerengera mokweza, monga ankachitira ndi misewu ya pa esiteti. Ulendo umodzi ndi mphindi makumi awiri ndi ziwiri. Kuwonjezapo zisanu za mvula, zisanu za anthu a m'mawa, ndi khumi za tayala likaphulika.

"Uzinyamuka kota tu seveni. Osati teni tu. Kota tu."

"Chabwino, ababa."

"Achimwene, tipatseni iyi."

Fraser anafunsa ngati akunena yokongoletsera khonde ija. A Muhiwa anati inde, yomweyo, ndipo asachulutse zonena. Koma chizolowezi sichichoka tsiku limodzi. Ali mkati molipira anayamba kufotokoza kuti aikweza pa minibasi kupita nayo kwa Dixon, akaike masipoko onenepa ndi kaliyala weniweni, Lachitatu adzaibweza.

"Madala, mukatero mwaipha," anatero Fraser. "Felemu iyi si chitsulo chimene Dixon wanuyo amachidziwa. Akangoyandikiza moto, yaboola. Ndiponso mukailemeretsa, achemwaliwa ayamba kutsika pachitunda chija."

"Komanso Lolemba ndikufunika kuntchito, ababa," anatero Daisy. Ulendo uno ananena mokweza.

A Muhiwa anakanda kumutu. Anazungulira njingayo kamodzi, akufunafuna choti n'kuwonjezapo. Pamapeto anagula loko, pampu, zigamba ndi guluu, ndipo anaumirira kuti belu la pulasitiki lichotsedwe, aikepo lachitsulo lomveka patali. Anamuyesa Daisy kuchotsa tayala ndi kumata chubu pakhonde pomwepo, kawiri, anthu odutsa akuonerera. Kachiwiriko sanamuthandize.

Pobwerera, ine ndi a Muhiwa tinakwera minibasi n'kudutsa Bvumbwe. Minda ya tiyi itayamba kuoneka anati, "Akalaliki, ndikanamugulira yakuda ija, bwenzi ntchito itamuthera, ine ndikuti ndamuthandiza."

Kuyambira Lolemba limenelo Daisy ankatumiza uthenga pafoni akangofika pantchito. Munalibe moni kapena nkhani, koma nthawi yokha. A Muhiwa ankandionetsa tikakumana ku tchalitchi: 7:09, 7:11, 7:08. Tsiku lina la mvula panali 7:24, ndipo anandifotokozera kuti tayala linaphulika, anamata yekha pansi pa khonde la anthu.

Dixon nkhaniyi inamufika, ndipo sanaisiye. Tsiku la msika pa Goliati anawakuwira ali patali.

"A Muhiwa! Ndamva mwagula njinga yonyamula ndi chala! Mwayamba liti kuopa chitsulo?"

"Iwe wotcherera za nthochi," anayankha. "Za m'tauni zisiye, sunaziyeze."

"Ikathyoka musabwere nayo kuno!"

"Ngakhale itathyoka, sungaithe."

Miyezi itatu itakwana, mwini sitolo anamulemba Daisy ntchito yokhazikika. Mauthenga a m'mawa aja anapitirira sabata ziwiri, kenako anayamba kudumpha masiku, kenako anasiya. Ndinawafunsa a Muhiwa ngati sakudandaula.

"Ayi," anatero. "Msewu uja akuudziwa tsopano kuposa ine."

Iwo akadali ndi njinga yawo yakuda, imene anagula kwa kampani popuma ntchito. Dzulo ndinakumana nawo pachitunda cha kuseri kwa fakitale, akuikankha, mikoko iwiri ya nthochi ili pa kaliyala. Tinayenda limodzi mpaka pamwamba. Pamenepo anayang'ana wotchi, ananditsanzika, n'kukwera.